VANETI YAKALE IDYA TSIKU NDI TSIKU

Mau amene mlangizi wa zaulimi analankhula kwa alimi pa nthawi ya masika.



Ino ndi nyengo imene ndarama za cimanga, nshawa ndi soya zimalowa m'nyumba. Ambiri a inu mwatopa kulipira eni magalimoto kuti akunyamulireni zokolola, ndipo mumtima muli kunena kuti, "Caka cino ndigule vaneti yanga." Maganizo amenewa si oipa ai. Koma lero ndifuna kukuuzani cinthu cimodzi: mtengo umene mudzalipira tsiku logula ndiwo ciyambi cabe. Ng'ombe imadzidyera msipu kudambo, koma galimoto idya za m'thumba la mwini wace, ngakhale pa tsiku limene yangoima pabwalo.

Mlimi wofuna vaneti yogwirapo kale nchito kawiri-kawiri amapita ku Lusaka. Kumadzulo kwa mzindawo, kutsidya kwa mseu wa Lumumba, kuli dera lochedwa Heavy Industrial Area. Makomboni a Matero ndi George ali capafupi, ndipo Kanyama ali kum'mwera kwace. M'dera limeneli ndi m'makomboni ozungulira muli magalaja, ogulitsa masipeyala ndi amisiri owocherera zitsulo. Mudzaonako Toyota Hilux, Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Ford Ranger, zina zopakidwa utoto watsopano wonyezimira. Pamenepo kumbukirani mau a makolo akuti cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono musapite nokha. Tengani makaniko wodziwana ndi inu, osati wokupatsani wogulitsayo. Fikani m'mamawa injini isanalizidwe, pakuti injini yotentha imabisa matenda ace.

Coyamba penyani utsi. Utsi wobiriwira ngati mtambo utanthauza kuti injini iri kutentha oilo, ndiye kuti yadyeka m'kati. Utsi wakuda utanthauza kuti dizilo sali kupsa bwino. Mwina sefa ya mpweya yatsekeka ndi pfumbi, mwina mainjekita atha. Utsi woyera wosaleka ngakhale injini yatentha ndiwo cizindikiro cakuti madzi ali kulowa kumene sayenera kulowa. Tsegulaninso citsekero ca oilo. Mukapeza oilo wooneka ngati tiyi wa mkaka, gasiketi ya pamutu pa injini yapsa, ndipo kukonza kwace ndi kwa ndarama zambiri.

Caciwiri gwadani pansi, muone zitsulo ziwiri zazitali zimene zinyamula thupi lonse la galimoto, zimene amakaniko amati chasisi. Gogodani ndi nyundo. Ngati dzimbiri liri kuyoyoka, kapena mwaona pamene panathyoka nawochererapo, isiyeni galimoto imeneyo. M'makomboni ena a Lusaka, makamaka ku Kanyama, madzi amadzaza miseu m'nyengo ya dzinja, ndipo galimoto yoyenda m'madzi ndi m'matope zaka zambiri imadyeka kunsi. Onaninso masipuling'i a kumbuyo ngati pali lothyoka kapena lowongoka cifukwa ca katundu wolemera.

Cacitatu iyendetseni, makamaka pa citunda. Injini ikalira kwambiri koma galimoto osathamanga, kilachi yatha. Giya ikamatuluka yokha, bvuto liri m'giyabokosi. Pondani mabuleki muone ngati galimoto iri kukokera mbali imodzi, ndipo maso anu asacoke pa singano yoonetsa kutentha kwa injini. Amene munayendapo pa mseu wa Great East mudziwa mapiri a Manenekela, pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa. Galimoto ya mabuleki ofooka kapena ladiyeta yodontha siyenera kufika kumeneko ndi katundu ndi anthu.

Funsaninso za lamba wa taiming'i. Pa Hilux za injini ya dizilo ya 3L ndi 5L, lamba ameneyu ayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 ali onse. Akaduka galimoto iri pa ulendo, zitsulo za m'kati mwa injini zimagundana ndi kupindika. Ngati wogulitsa alibe cosonyeza tsiku limene anamsintha, werengerani mtengo wa lamba watsopano pa mtengo wogulira. Matayala nawonso ali ndi msinkhu wace: pambali pa tayala pali manambala anai, awiri oyamba ndiwo sabata, awiri otsiriza ndiwo caka cimene linapangidwa.

Musapereke ndarama musanaone makalata. Manambala olembedwa m'buku la galimoto, limene anthu amati White Book, afanane ndi manambala ali pa injini ndi pa chasisi, ndipo dzina la mwini lifanane ndi la pa citupa ca wogulitsayo. Pitani kwa apolisi akatsimikize kuti galimotoyo si yakuba, ndipo kusintha dzina kucitike ku ofesi ya RTSA, bungwe la Boma loyang'anira magalimoto pa miseu. Safunsa anadya phula.

Tsopano tiwerenge zakudya za vaneti. Pali msonkho wa mseu, pali kuyesedwa kwa galimoto ngati iri yoyenera kuyenda, ndiponso inshuwalansi, imene lamulo lifuna kuti galimoto iri yonse ikhale nayo. Izi mulipira ngakhale simunanyamule kanthu. Pali zipata za msonkho pa miseu, monga ca ku Chongwe, ca Katuba ndi ca Shimabala. Injini yakale ya dizilo ifuna oilo watsopano ndi sefa yace pafupi-fupi pa makilomita 5,000 ali onse. Pali matayala, batire, ndi malipiro a dalaivala ngati inu mulibe laisensi. Mtengo wa mafuta umalengezedwa ndi bungwe la Energy Regulation Board, ndipo umasintha-sintha. Suyembekeza kuti mlimi ayambe wagulitsa mbeu zace.

Tiyeni tiyese masamu. Vaneti yotere inapangidwa kunyamula ngati tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. Imamwa ngati malita 10 a dizilo pa makilomita 100. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita ngati 570. Kupita ndi kubwerera ndi 1,140, ndiwo malita oposa 110. Cotero thumba liri lonse lamwa malita oposa 5, musanawerenge zipata ndi kutha kwa matayala. Pa ulendo wotere nkwabwino kusonkhana ndi anzanu ndi kucita hayala lole. Koma mlimi wa ku Chongwe, makilomita ngati 45 kucokera mumzinda, amene atengera tomato ndi ndiwo zamasamba ku msika wa Soweto sabata ndi sabata, angathe kupita ndi kubwerera ndi malita ngati 9. Kwa iye vaneti ingathe kudzilipira yokha.

Ena amati akaika matumba 35 m'malo mwa 20 ndiye kuti apindula. Phindu limenelo limathera pa masipuling'i othyoka, matayala ophulika ndi kilachi yopsa, ndipo nthawi zina limathera ku cipatala.

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu. Musathere ndarama zonse za masika pa kugula. Siyani gawo lokonzera galimotoyo, ndipo ndarama za feteleza, mbeu ndi sukulu ya ana zisakhudzidwe. Sankhani mtundu umene masipeyala ace apezeka m'tauni yapafupi ndi kwanu. Ndipo gulani kabuku, mulembemo kwaca iri yonse imene galimoto yadya ndi imene yabweretsa. Khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu, muwerengere pamodzi. Ngati mwaona kuti nchito yace idzakhala ya miyezi iwiri yokha pa caka, ngolo ya ng'ombe ndi hayala zikukwanirani, ndipo palibe manyazi pamenepo.