Zimene Zitsekereza Ana a kwa Msoro Njira ya ku Yunivesite

Kale wansembe Leonard Kamungu anafika kwa Msoro, m'dziko la Akunda, nayamba mishoni ndi sukulu. Masiku amenewo mwana wodziwa kulemba kalata anali wophunzira ndithu. Lero ana a kwa Msoro atsiriza Giredi 12, ndipo maso ao ali pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1966, kapena pa ya Copperbelt ku Kitwe, ya mu 1987. Koma ena atsalira pamudzi angakhale anakhoza mayeso, cifukwa ca zolakwa za pa pepala.

Colakwa coyamba ndico kusankha maphunziro cifukwa ca kumveka kwa dzina lace. Mwana amva kuti dokotala ali ndi ulemu, nalemba udokotala, osayang'ana m'mene anakhozera masamu ndi sayansi. Yunivesite ifuna makirediti asanu, limodzi ndi Cingelezi, ndipo pamene opempha acuruka, malo apita kwa amene anapambana anzao. Wanzeru ayamba wawerenga setifiketi yace, nasankha comyenera.

Caciwiri ndico dzina. Pa setifiketi pali dzina la ubatizo, pa reji pali dzina la kumudzi, kapena caka cobadwa casiyana. Kumudzi onse adziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma kalaliki wa ku Lusaka aona anthu awiri. Izi zifunika kukonzedwa mapepala asanatumizidwe.

Cacitatu ndico cimene ciliritsa makolo ambiri. Kupatsidwa malo sindiko kupatsidwa ndalama ai. Ngongole ya Boma ipemphedwa padera, ku bungwe la HELSB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, ndipo iri ndi tsiku lacelace lotsekera. Mwana amene angokhala ndi kalata yomuitana, nayesa kuti zonse zatha, adzidzimuka tsiku lapita kale. Pamenepo atate agulitsa thonje ndi mbuzi, koma ndalama sizikwana. Ndiponso ngongoleyo ndi yobweza, si mphatso.

Cacinai ndico kucedwa. Wa m'tauni angatumize pempho lace pa intaneti tsiku lotsiriza; wa kwa Msoro, mvula ikagwa ndi Lupande atadzala, sangafike msanga ku Katete kapena ku Chipata. Ena alembetsa nambala ya foni ya mnzao, ndipo yankho lifikira mwini foni, amene aiwala kunena.

Tsono mau awa apite kwa amalume ndi azakhali a ku Mufulira, ku Luanshya ndi ku Lusaka, amene alipirira ana a alongo ao. Asanatumize ndalama, ayambe aona mapepala a mwanayo, afunse masiku otsekera, ndi kufunsanso ngati sukulu imene wasankha ndi yolembedwa ku Higher Education Authority. Akulu anati safunsa anadya phula. Mwana akaphonya tsikulo, adzalima caka cathunthu kudikira lina.