Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wopereka kwa anthu bokosi la zida za pakompyuta



Chatisonkhanitsa lero ndi bokosi la zida, kutanthauza timapulogalamu tambiri tomangidwa pamodzi, tolembedwa kuti tiziyenda pa Windows, pa Linux, pa macOS komanso pa mafoni a Android. Achinyamata amene apanga bokosili aganiza zoika code yonse poyera pa GitHub kuti aliyense aiwerenge, aitenge, aikonze. Ndikudziwa kuti ena mumtima mukuti anawa ataya chuma. Ine ndikuti asankha mwanzeru, ndipo sindikunena za kuolowa manja ayi. Ndikunena kuti chida chofuna kuyenda pa makina osiyanasiyana sichingakhwime chili m'manja mwa gulu laling'ono lokha.

Makina amasiyana pa tinthu tooneka topanda pake, koma ndi tomweto timene timagwetsa pulogalamu. Windows amalekanitsa mayina a mafoda ndi kamzere kopendekera kumbuyo, Linux ndi kopendekera kutsogolo. Kwa Linux, fayilo yotchedwa Lipoti ndi yotchedwa lipoti ndi ziwiri, pamene Windows mwa chizolowezi chake amaziona ngati imodzi. Ngakhale chizindikiro chosonyeza kuti mzere watha n'chosiyana. Chilembo ŵ chija timalemba m'dzina la Malaŵi chimatha kutuluka bwino pa kompyuta ina, kwina n'kusanduka tizizindikiro tosawerengeka. Onjezanipo mafoni a makampani ambirimbiri, ena akale, ena osowa malo osungira zinthu, ena amene netiweki imawathawa masana onse. Palibe gulu la ophunzira, ngakhale kampani ya pakati, limene lingagule makina onsewa n'kuyesapo ntchito yake. Koma code ikakhala poyera, munthu wa ku Mzuzu amene pulogalamu yamukanira pa foni yake amalemba vutolo pamalo oonekera, wa ku Lusaka n'kutsimikiza kuti kwakenso zatero, wina amene simunamuonepo n'kutumiza mizere yokonzera. Oyesa ntchito amene simukanatha kuwalipira amabwera okha, chifukwa chidacho nawonso akuchifuna.

Umboni ulipo. Chida chotchedwa curl, chimene chimanyamula deta pa intaneti, anachiyambitsa Daniel Stenberg wa ku Sweden, ndipo chakhala ndi dzinali kuyambira 1998. Lero chili m'mafoni, m'magalimoto, m'ma TV, ndipo Microsoft amene anayamba kuchiika mu Windows 10 m'chaka cha 2018. Stenberg analibe makina onsewo m'nyumba mwake. Amene anali nawo ndiwo ankatumiza zokonza, chaka ndi chaka, kufikira chidacho chinazolowera kuyenda paliponse. Chitsanzo china chili pakhomo pathu pomwe. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo kuno umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, inaphukira ku pulogalamu ya DHIS imene inayamba ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, ndipo tsopano imatsogoleredwa ndi University of Oslo. Maiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito, ndipo zimene dziko limodzi lakonza chifukwa cha vuto la kwawo zimafika kwa ena onse. Ife takhala tikudya za ntchito yotereyi kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake n'zosangalatsa kuona ana athu akuikako dzanja lawo.

Funso loyamba limene anthu amafunsa ndi la ndalama: nanga wina akatenga n'kukagulitsa? Yankho lili mu laisensi, ndipo apa ndikupempha kuti musachite mphwayi. Laisensi ya MIT imalola munthu kutenga, kusintha ndi kugulitsa, bola asafufute mawu osonyeza eni ake ndi laisensiyo. Ya GPL imati amene wasintha n'kugawira ena apereke code ya zosinthazo pa mfundo zomwezo. Code yoikidwa poyera popanda laisensi ina iliyonse imasiya anthu m'malere, ndipo kampani yosamala siigwira n'komwe. Sankhani imodzi mukudziwa chimene mwasankha. Za phindu, kumbukirani kuti amene akufuna kuti chidacho chilumikizidwe ndi makina a ofesi yake, kapena antchito ake aphunzitsidwe, amafunafuna amene anachilemba. Wolemba ntchito wa ku Nairobi kapena ku London sangawerenge mtima wanu, koma code yanu angaiwerenge usiku womwewo.

Ena amati GitHub ndi ya eni, ndipo n'zoona: inayamba mu 2008, Microsoft n'kuigula mu 2018 pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni. Komatu Git, chida chimene GitHub imadalira, chimene Linus Torvalds analemba mu 2005, chinapangidwa moti aliyense wokopera ntchito amatenga ndi mbiri yake yonse. Sungani kope lina pa seva ya sukulu yanu, nkhawayo ichepa.

Funso lolemera ndi la chitetezo, ndipo ili sindilipeputsa. Mu April 2014 dziko linadzidzimuka ndi Heartbleed, chiboo cha mu OpenSSL chimene chinakhalamo zaka ziwiri anthu osachiona, pamene chidacho chinkateteza mawebusaiti osawerengeka koma ochisamalira anali owerengeka. Mu March 2024 kunadziwika zoopsa kuposa apo. Munthu wina anadzipanga mthandizi wokhulupirika wa chida chopanikizira mafayilo chotchedwa xz kwa zaka pafupifupi ziwiri, mwini wake atatopa ndi kugwira yekha, kenako n'kubisamo khomo lolowera mozemba. Anatulukira khomolo ndi injiniya Andres Freund, amene anadabwa kuona kulowa mu makina kukuchedwa ndi theka la sekondi, nayamba kufukula. Anatha kufukula chifukwa code inali poyera. Ikanakhala yotsekeredwa, akanangodandaula n'kusiya. Choncho nkhani ziwirizi sizikutiuza kuti tibise ntchito. Zikutiuza kuti ngozi ili pa chida chimene ambiri akudalira koma wochisamalira ali yekha. Zili ngati mjigo wa pamudzi: tsiku lotsegulira kumakhala nthungululu, koma ukapanda komiti ndi kathumba kogulira zipangizo, pakutha pa chaka anthu amabwerera kudambo.

Ndiye kwa inu achinyamata, ntchito yeniyeni ikuyamba mawa. Lembani malangizo omveka, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe. Wina akalemba vuto, muyankheni mwaulemu ngakhale yankho litakhala lakuti simungathe pakali pano. Zokonza zochokera kwa mlendo muziziwerenga anthu awiri musanazilandire, ndipo makiyi a ntchitoyi asakhale ndi munthu mmodzi, pakuti ena a inu mupeza ntchito kutali chaka chino chisanathe. Kwa inu a makampani ndi a boma, mukayamba kugwiritsa ntchito zidazi musangotenga. Lolani wantchito wanu mmodzi azipatula maola angapo pa sabata n'kumathandiza kukonza, kapena lipirirani bandulo ndi seva za anawa. Aphunzitsi, zokonza zimene wophunzira watumiza n'kulandiridwa muziziwerengera pa malikisi ake.

Ndi mawu amenewa, Wapampando, ndikulengeza kuti bokosi la zidali latsegulidwa kwa aliyense wofuna kuligwiritsa ntchito.