KUKWEZA VANETI NDI NDALAMA ZOCEPA



Nkhani yathu ya lero iri ya galimoto. Ambiri a inu mwagwira nchito zaka zambiri pansi pa mgodi kapena m'masitolo, mwasunga ndalama pang'ono pang'ono, ndipo tsopano pakhomo panu paima vaneti yogula kwa munthu wina. Munaigula kuti muzifika nayo kwanu ku Petauke, ku Katete, ku Chadiza kapena ku Lundazi, kukatula feteleza, kukatenga cimanga, ndi kunyamula amai anu okalamba tsiku limene adwala. Mseu waukulu wa kum'mawa uli ndi tara. Bvuto liyamba mukapatuka kulowa m'mseu wa kumudzi, m'mene ngolo za ng'ombe ndi malole a thonje akumba ngalande ziwiri zakuya ndi kusiya msana wa dothi pakati. Pamenepo galimoto ikhula mimba pansi, ndipo mwini wace ayamba kuganiza za kuikweza.

Kukweza galimoto nkwabwino kukacitika ndi nzeru. Koma ndalama zambiri zatayika pa nchito imeneyi cifukwa ca kusadziwa cinthu cimodzi, ndipo ndifuna tiyambe ndi cimeneco.

CIMENE CIGUNDA PANSI

Mawa kukaca mugwade kumbuyo kwa vaneti yanu, muyang'ane kunsi. Mudzaona citsulo cacitali cimene cigwira magudumu awiri a kumbuyo, ndiyo ekiselo, ndipo pakati pace pali cotupa conga dzungu. Amakanika acicha difu. Difu imeneyi ndiyo iri pafupi ndi dothi, ndiyo ikhala pa msana wa mseu ndi kusiya matayala alikuzungulira cabe m'matope. Tsono masipuling'i akhala pakati pa ekiselo ndi thupi la galimoto. Mukaika masipuling'i okweza, thupi likwera, koma ekiselo ndi difu zitsala pomwe zinali, pakuti izo zitsamira pa matayala. Kuli monga munthu wokwinda nsalu pooloka mtsinje: nsalu yakwera, koma mapazi aponda pomwe paja.

Cimene cikweza difu ndi tayala lokha. Hilux zambiri za masiku ano zibwera ndi matayala olembedwa 265/65 R17. Tayala limeneli, kucokera pansi kufika pamwamba, liri mamilimita 776. La 265/70 R17 liri mamilimita 803. Kusiyana kwace ndi 27, koma popeza ekiselo iri pakati pa tayala, difu ikwera theka lace cabe, ndiwo mamilimita 13, monga kunenepa kwa cala canu cacing'ono. Ndiponso tayala lalikulu lidya mafuta, lilemetsa mabuleki, ndipo cosonyeza liwiro ciyamba kuwerenga mocepa, pafupifupi makilomita 3 pa 100 ali onse.

Nanga phindu la kukweza liri pati? Liripo ndithu. Thupi likakwera, tayala lalikulu lipeza malo osakhula, cibwano ca galimoto sicigunda potsikira m'khwawa, mcira wace sukoka pansi potuluka, ndipo mimba ya pakati, pamene pali giyabokosi ndi thanki ya mafuta, ipita pamwamba pa zitsa ndi miyala. Pa mavaneti amene gudumu liri lonse la kutsogolo liyenda palokha, monga Hilux ndi Isuzu za masiku ano, difu ya kutsogolo inamangidwa ku chassis, cotero ikwera pamodzi ndi thupi. Ya kumbuyo ndiyo siisuntha. Pa vaneti ya Land Cruiser zonse ziwiri sizisuntha.

YAMBANI NDI KUPIMA

Musanatulutse ngwee imodzi, pimani. Imikani galimoto pamalo osalala, yopanda katundu, mupime kucokera pakati pa gudumu kufika ku mlomo wa thupi pamwamba pa tayala, magudumu onse anai, ndi kulemba. Kenaka pimani vaneti ya mnzanu ya mtundu womwewo imene siinatope. Ambiri mudzapeza kuti galimoto yanu siinabadwe yaifupi ai, koma inaphwa ndi katundu. Sipuling'i ya malifu, ija ya zitsulo zosanjikiza, ikakhala yabwino ipindika monga uta. Imene yasenza matumba zaka 15 iongoka, ndipo mwina lifu limodzi linathyoka kale m'kati osaoneka. Galimoto yotere mukangoibwezera masipuling'i a muyeso wace woyamba, ikwera yokha, ndipo kwa ambiri nchito ithera pomwepo.

Muyeneranso kudziwa mtundu wa masipuling'i anu, pakuti cogula ca mnzanu mwina sicilowa pa yanu. Vaneti ya Land Cruiser inakhala ndi malifu kutsogolo ndi kumbuyo kufikira caka ca 1999, pamene ya nambala 79 inabwera ndi masipuling'i opiringiza, makoilo, kutsogolo. Hilux zambiri za pakati pa 1998 ndi 2004 ziri ndi ndodo yacitsulo kutsogolo, imene igwira nchito mwa kupotoka, dzina lace torsion bar. Kuyambira 2005 ziri ndi koilo yozinga shoki. Kumbuyo kwa mavaneti onsewa kuli malifu.

Kodi munthu akweze kufika pati? Ine ndikuti musapyole mamilimita 50. Makampani a ku Australia odziwika pa nchito imeneyi, monga Old Man Emu ndi Ironman 4x4, zambiri zimene apangira mavaneti athu zikweza mamilimita 40 kufika 50. Cifukwa cace nci. Mphamvu ya injini ifika ku magudumu a kutsogolo podzera m'mfundo zochedwa CV joint, zimene zinapangidwa kuti zigwire nchito zopindika pang'ono cabe. Mukakweza kopambana zipindika kwambiri, mipira yace ing'ambika, girizi ataika, mcenga ulowa, ndipo posacedwa mudzamva kulira pokhota. Mapaipi a mabuleki akokeka, shafiti yopita kumbuyo iyamba kunjenjemera, ciongolero cisokera. Zonsezi zikonzeka, koma ciri conse cifuna citsulo cina catsopano. Akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna mamilimita 100 adziwe kuti mtengo wace suli kuwirikiza kawiri mtengo wa 50, uposa pamenepo kutali.

NJIRA ZOTSIKA MTENGO

Tsopano tione njira zimene adzakuuzani ku galaja mukanena kuti thumba nlopepuka.

Pa galimoto ya torsion bar pali bauti imene mukaimanga, kutsogolo kukwera osagula kanthu. Koma gudumu lifuna mpata wotsikira m'dzenje, ndipo pomanga bauti mulikudya mpata umenewo. Mukapyola, galimoto igunda pa dzenje liri lonse ndipo tayala licoka pansi. Kwezani pang'ono, monga mamilimita 25, ndi kuona kuti mpata watsala.

Pa galimoto ya koilo agulitsa mphete yoika pamwamba pa shoki, ndiyo spacer. Dziwani kuti shoki ya kutsogolo ikhala pakati pa mkono wa gudumu, cotero mphete ya mamilimita 25 ikweza galimoto pafupifupi kawiri muyeso umenewo. Ambiri agula yaikulu posadziwa ici. Mphete ithandiza ngati koilo iri yamoyo. Koilo yotopa ikhalabe yotopa, ndipo ngati mwaika citsulo colemera cochinga kutsogolo, mufunika koilo yolimba, si mphete ai.

Kumbuyo adzakuuzani za shackle, tizitsulo tiwiri timene tigwira mcira wa sipuling'i. Mukatitalikitsa ndi mamilimita 50, galimoto ikwera 25 cabe, pakuti mwakweza mbali imodzi yokha ya sipuling'i. Tatitali kwambiri tipangitsa thupi kugwedezekera m'mbali, ndipo tosula pa msika ndi citsulo ciri conse sitiyenera kusenza abale anu. Adzakuuzaninso za buloko yoika pakati pa sipuling'i ndi ekiselo. Imeneyi ikweza pokhapokha ngati sipuling'i ikhala pamwamba pa ekiselo. Ikhale yaifupi, ikhale kumbuyo kokha, ndipo musasanjikize ziwiri. Kutsogolo musaike konse, pakuti ikasuntha pogwira buleki, ciongolero cicoka m'manja mwanu.

Zinthu ziwiri mukane ngakhale akucitireni ulere: kuotcha sipuling'i ndi moto wa gasi kuti ipindike, ndi kuocerera lifu lothyoka. Citsulo ca sipuling'i cinaumitsidwa ndi moto woyesedwa bwino ku fakitale. Moto wa pa galaja ucifewetsa, ndipo cidzathyoka pambali pa coocereraco.

Kwa munthu wonyamula katundu, njira yotsika mtengo imene ndiibvomereza ndiyo kuonjeza lifu limodzi mbali zonse ziwiri. Likweza pang'ono ndi kucirikiza katundu. Kuipa kwace nkwakuti galimoto ikakhala yopanda kanthu idumpha monga ngolo. Cotero posankha masipuling'i, muuze wogulitsa katundu amene munyamula masiku onse, osati amene munyamula kamodzi pa caka nyengo ya kukolola.

IKANI NDALAMA PA MASHOKI

Sipuling'i isenza, shoki ikhazika mtima pansi. Shoki yamasiku onse siikweza galimoto, ndipo cifukwa ca ici anthu aiiwala. Koma ndiyo isunga tayala pa dothi. Pa mseu wa mizeremizere wonga malata, shoki ikwera ndi kutsika kosaleka, mafuta a m'kati mwace atentha ndi kucita thobvu, ndipo mphamvu yace itha. Pamenepo mcira wa galimoto uyamba kubvina, ndipo buleki siigwira bwino cifukwa tayala liri m'mwamba nthawi zina. Mashoki a gasi apirira koposa pa mseu wotere. Ndiponso shoki ilingane ndi msinkhu watsopano. Yaifupi ikokeka kufikira mapeto ndi kuzula pomangira pace. Yaitali kopambana igunda pansi pace galimoto ikalemedwa, niphwanyika m'kati.

Ndalama zikakhala zocepa, gulani motsatana motere. Coyamba, cotsani zonse zakutha: mabushi, mfundo za magudumu ndi za ciongolero. Caciwiri, masipuling'i olingana ndi katundu wanu. Cacitatu, mashoki atsopano. Matayala akulu adikire kufikira amene muli nao atatha. Ngati simungathe zonse mwezi umodzi, citani kumbuyo coyamba, kutsogolo pambuyo, koma nthawi zonse awiri awiri, lamanzere ndi lamanja pamodzi.

Nanga za salaula? Malifu ocotsa ku galimoto yakufa mungagule, mukawatsuka ndi kuona kuti alibe mng'alu kapena dzimbiri lakuya, ndi kuti mbali ziwiri zipindika mofanana. Koma shoki yakale musagule, pakuti simungaone m'kati mwace, ndipo utoto watsopano subweza mphamvu. Ma U-bolt, amene amanga sipuling'i ku ekiselo, akhalenso atsopano, cifukwa akamangidwa kamodzi atanuka. Zatsopano zomwe ziri ndi zonyenga zace. Funsani nambala ya cipangizo, funsani lisiti, funsani ngati adzakubwezerani cikafa msanga. Safunsa anadya phula.

NCHITO ITATHA

Makanika asamange mabauti a mabushi galimoto iri pa jeke. Aitsitse coyamba, iime pa matayala ace, apo ai mabushi adzapotoka ndi kung'ambika. Pamene magudumu alikulendewera pa jeke, yang'anani ngati mapaipi a mabuleki sanakokeke. Mavaneti ambiri akale ali ndi valavu kumbuyo imene ipima kulemera kwa katundu ndi kugawa mphamvu ya buleki. Galimoto ikakwera, valavu iyesa kuti mulibe katundu, nicepetsa buleki ya kumbuyo, cotero iyenera kukonzedwa. Mukacoka pamenepo pitani kukaongoletsa magudumu tsiku lomwelo, kuti matayala asadyeke mbali imodzi. Konzetsani nyali, zisathobwe m'maso anzanu usiku. Mutayenda makilomita monga 500, mangitsaninso ma U-bolt. Uzani a inshuwalansi za kusinthaku, ndipo kumbukirani kuti galimoto iyenerabe kupambana mayeso a RTSA monga kale.

Mau otsiriza ali a katundu. Masipuling'i olimba saonjeza kulemera kumene galimoto iloledwa kusenza. Muyeso umenewo unalembedwa pa kacitsulo ka fakitale, ndipo mabuleki, ekiselo ndi chassis ziri zomwe zija. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndiyo tani imodzi, ndipo pa mavaneti ambiri tani imodzi, mukawerengera woyendetsa ndi okwera, yafika kale pa malire kapena kupyola. Galimoto yokwezedwa isenza kulemera kwace m'mwamba, cotero ipendekera koposa pokhota, ndipo igubuduka msanga kuposa yaifupi. Amene mudziwa mapiri ndi makhotamakhota a pafupi ndi ulalo wa Luangwa mudziwa cimene ndirikunena. Zolemera ziikani pansi ndi kutsogolo kwa ekiselo ya kumbuyo. Pa denga pakhale mphasa ndi matiresi, osati migolo ya mafuta. Ndipo pokhota cepetsani liwiro kuposa m'mene munazolowera isanakwezedwe, pakuti kumbuyo kuja, pamwamba pa matumba, nthawi zambiri kukhala mlongo wanu ndi ana ace.