Chithunzi chikachoka m'foni mwathu

Tiyambe ndi funso, koma musakweze mkono: ndi angati muno amene chibwenzi chawo chimadziwa password ya foni yawo? Mwasekatu. Nafenso tinaperekapo, kuopa kunenedwa kuti tikubisa mwamuna wina. Vuto ndi lakuti chibwenzi chimatha, ndipo tsiku lomwe chathalo munthu uja amatsala ndi mauthenga athu, zithunzi zathu, mwinanso PIN ya Airtel Money kapena Mpamba.

Nkhani ya zithunzi ndiye yatikwana. Mtsikana anatumiza chithunzi ali chibadwire kwa munthu amene ankamukhulupirira, lero munthuyo akuti, “Ukandisiya ndichimwaza.” Tinene mosapsatira: wolakwa ndi womwazayo. Olakwanso ndi aja amachilandira pagulu la WhatsApp n'kuchiponya kwina, amvekere “mwaiona iyi?” Tisanamizane, ena mwa iwo ndife akazi omwe.

Wina anena kuti, ine ndimatumiza pa view once. Inde, WhatsApp imakana screenshot pamenepo, koma munthu akhoza kungotenga foni ina n'kujambula.

Ndiye wina akatiopseza titani? Ndalama tisamupatse. Wolandira lero abweranso mawa, mtengo utakwera. Mauthenga akewo tisafufute, ngakhale akutinyansa kuwaona. Tiwajambule moonetsa nambala yake ndi tsiku, chifukwa umboni wathu ndi womwewo. Kenako tipite kupolisi, ku Victim Support Unit, titatenga mnzathu woti akatilankhulire mawu akatithera. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuopseza, kuzunza ndi kulondalonda munthu pa intaneti. Sitikukapempha chifundo, tikukadandaula mlandu.

Palinso StopNCII.org, yaulere, ya amene takwana zaka 18. Chithunzicho sichichoka m'foni mwathu ayi. Chimene chimapita ndi kachizindikiro kake ka manambala, ndipo Facebook, Instagram ndi TikTok amagwiritsa ntchito kameneko kuzindikira chithunzicho wina akafuna kuchiika, n'kuchitsekereza. Pa WhatsApp sizigwira, chifukwa mauthenga akumeneko ndi otsekedwa. Ang'ono athu osakwana zaka 18 ali ndi yawo, Take It Down.

Za malo n'zachidule. Chithunzi cha kunyanja kapena kumalo odyera tiziika titachokako. Geti la kunyumba, yunifomu ya mwana yoonetsa dzina la sukulu, zimenezo zimalondolera munthu njira.

Tsopano titulutse mafoni. Pa WhatsApp, tilowe pa Account, tiyatse two-step verification, tiike manambala 6 omwe si tsiku lathu lobadwa. Manambala amenewa, ndi aja amabwera pa SMS, osauza munthu, ngakhale aimbe akuti ndi wa kukampani ya foni. Tikatero tione pa Linked devices. Amene wapezapo kompyuta yosaidziwa, pali wina amene wakhala akuwerenga nawo mauthenga ake. Adine Log out pompano, tikudikira.