Mimba Ikatupa, Kodi Mlandu Ngwa Yisiti?

Nkhani ya zaumoyo ya lero ikunena za m'mimba. Masiku ano m'masitolo ogulitsa mankhwala a m'mizinda, ndiponso pa malonda a pa intaneti, pakupezeka mitundu yambiri ya ufa ndi makapisozi zimene amati zimatsuka matumbo. Zambiri mwa izo zimakhala ndi chinthu chotchedwa faiba. Munthu wovutika ndi kudzimbidwa akagula ufa wotere n'kuyamba kumwa, kaŵirikaŵiri pakapita masiku aŵiri kapena atatu mimba imatupa, imalira, imapota, ndipo mpweya umachuluka. Akabwerera kwa wogulitsa uja amauzidwa kuti asadandaule, pakuti m'matumbo mwake munachuluka yisiti ndipo tsopano akufa, choncho agule botolo lina. Mau ameneŵa amamveka okoma, koma adyetsa anthu ndalama zambiri, ndipo ena aŵachedwetsa kupita kuchipatala.

Poyamba nkofunika kudziŵa kuti faiba n'chiyani. Faiba ndi mbali ya chakudya chochokera ku zomera imene chifu ndi matumbo aang'ono sizitha kugaya. Amayi akakonola chimanga n'kupeta, gaga amene amapita kwa nkhuku ndi nkhumba uja ndi wodzala ndi faiba. Imapezekanso m'makoko a nyemba, nandolo ndi khobwe, mu ulusi wa nkhwani ndi bonongwe, m'kuterera kwa therere, ndiponso mu ufa wa malambe. Nsima ya mgaiwa ili ndi faiba yambiri, pamene nsima ya ufa woyera, umene chimanga chake chimakonoledwa ndi kuviikidwa, imatsala ndi yochepa. Nyama, nsomba, mazira, shuga ndi mafuta zilibe faiba konse.

Mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa faiba padziko lapansi ndi Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wochokera ku Ireland amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Mulago ku Kampala m'dziko la Uganda. Iye anaona kuti kudzimbidwa ndi khansa ya m'matumbo aakulu, zimene zinali zofala ku Ulaya, sizinkaonekaoneka pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa. Mu 1972 iye ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza chimbudzi cha anthu osiyanasiyana. Anthu a kumidzi ku Uganda ankatulutsa magalamu oposa 400 patsiku, ndipo chakudya chinkadutsa m'thupi mwao pafupifupi tsiku limodzi ndi theka. Angerezi odya buledi woyera ankatulutsa magalamu ongopitirira pang'ono 100, ndipo chakudya chinkatha masiku atatu chili m'thupi. Kuyambira pamenepo azungu anayamba kugula m'mabotolo chimene mlimi wa kuno amachipeza m'munda mwake.

Nanga n'chifukwa chiyani chinthu chabwino chotere chimatupitsa mimba? Faiba ikafika m'matumbo aakulu imapeza mabakiteriya osaŵerengeka amene amakhala mmenemo mwa munthu aliyense wathanzi. Tizilombo timeneti si adani ai. Faiba ndicho chakudya chao, ndipo akamaidya amatulutsa timadzi ta asidi timene timadyetsa khoma la matumbo, komanso amatulutsa mpweya. Munthu wabwinobwino amatulutsa mpweya umenewu nthaŵi 10 mpaka 20 patsiku, ndipo palibe chodabwitsa. Tsono munthu amene wakhala zaka akudya buledi, mpunga ndi nsima ya ufa woyera, akathira masipuni aŵiri aakulu a faiba m'mimba tsiku limodzi, mabakiteriya amalandira chakudya chochuluka mwadzidzidzi ndipo mpweya umachuluka kuposa mmene matumbo anazoloŵerera. Aliyense amene anadyapo nyemba zambiri atakhala nthaŵi osazilaŵa amazidziŵa zimenezi, ndipo palibe amene amati nyembazo zikupha yisiti.

Mitundu ya faiba yogulitsidwa nayonso imasiyana. Pali inulin, imene imatengedwa ku mizu ya chomera chotchedwa chicory. Imeneyi mabakiteriya amaidya msangamsanga, choncho imabweretsa mpweya wambiri. Pali gaga wa tirigu, amene ndi wokhakhala ndipo amatha kuputa matumbo a anthu ena. Palinso psyllium, yomwe ndi makoko a njere za chomera cholimidwa kwambiri ku India. Imeneyi imayamwa madzi n'kusanduka phala loterera ngati therere, imafeŵetsa chimbudzi, ndipo mpweya wake ndi wocheperapo. Mu 2009 madokotala a ku Netherlands anafalitsa kafukufuku wa anthu 275 amene ankadwala matenda a matumbo osachedwa kupota ndi kutupa. Ena anapatsidwa psyllium, ena gaga, ndipo ena ufa wa mpunga chabe, kwa masabata 12. Psyllium inathandiza ambiri, koma gulu la gaga ndilo linali ndi anthu ochuluka amene anasiyira panjira chifukwa mimba inanyanya kuvuta. Izi zikusonyeza kuti mtundu wa faiba, muyeso wake ndi matumbo a mwini wake ndizo zimabweretsa kutupa.

Tsopano nkhani ifike pa yisiti. Yisiti amene akunenedwa pano si uja wa mandasi ndi buledi, ngakhale ali a fuko limodzi. Dzina lake ndi Candida albicans, ndipo amapezeka m'kamwa, m'matumbo ndi kumaliseche kwa anthu ambiri athanzi popanda kuŵadwalitsa. Poyerekeza ndi mabakiteriya ndi wochepa zedi, wosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a tizilombo ta m'matumbo. Munthu amene anaonapo ufa wa mandasi ukufufuma m'beseni savutika kukhulupirira kuti mimba yakenso ikufufuma chifukwa cha yisiti, ndipo apa mpamene amalonda amagwirira.

Ganizo limeneli linafala kuchokera ku America. Mu 1983 dokotala wa ana dzina lake William Crook, wa ku Tennessee, anatulutsa buku lotchedwa The Yeast Connection. M'bukumo ananena kuti kutopa, kupweteka mutu, kuiŵalaiŵala, kukhumudwa ndi kutupa mimba zimachokera kwa yisiti wochuluka m'matumbo. Bukulo linagulidwa kwambiri, koma mu 1986 bungwe la madokotala la American Academy of Allergy and Immunology linanena poyera kuti ganizoli ndi longopeka ndipo lilibe umboni. Mu 1990 madokotala a ku Birmingham m'chigawo cha Alabama anayesa nkhaniyi pa amayi 42 amene ankaganiziridwa kuti ali ndi vutoli. Nthaŵi zina ankaŵapatsa nystatin, mankhwala opha yisiti, ndipo nthaŵi zina mapiritsi opanda mankhwala, popanda iwo kudziŵa. Pa kutopa, kukhumudwa ndi madandaulo ena a m'thupi lonse, nystatin sanapose mapiritsi opanda kanthu aja.

Nkhani yoti kupota kwa mimba ndi chizindikiro cha yisiti amene akufa nayonso ilibe maziko. N'zoona kuti wodwala chindoko akabayidwa penisilini amatha kutentha thupi ndi kunjenjemera tsiku loyamba pamene tizilombo tikufa. Koma faiba si mankhwala opha tizilombo, ndi chakudya chabe. Chimodzimodzinso ndi kuyesa kumene ena amaphunzitsa, koti munthu alavule m'tambula ya madzi mmamaŵa n'kuona ngati malovu akutsika ngati ulusi. Malovu a munthu aliyense amatha kutero, makamaka ngati ali ndi chimfine kapena sanamwe madzi okwanira. Chimene ofufuza aona m'malabotale ndi pa mbeŵa n'chakuti mabakiteriya a m'matumbo ndiwo amaletsa Candida kufalikira, ndipo akaphedwa ndi maantibayotiki yisiti amapeza malo. Choncho kusala nyemba, zipatso ndi mbatata poopa kudyetsa yisiti, monga amalangizira ena, ndi kumana chakudya alonda enieni a m'matumbo.

Izi sizikutanthauza kuti Candida sadwalitsa. Amadwalitsa ndithu, koma matenda ake amaoneka ndi maso ndipo amadziŵika kuchipatala chilichonse. M'kamwa amabweretsa zoyera ngati chambiko palilime ndi m'masaya, zimene zikapalidwa pamatsala pofiira. Kwa amayi amabweretsa kuyabwa kumaliseche ndi chikazi choyera cholimba, makamaka pa nthaŵi ya pakati kapena atamwa maantibayotiki. Akatsikira kummero, munthu amamva kuŵaŵa pachifuwa akamameza, mpaka kuyamba kuopa chakudya. Kwa mwana wakhanda zoyera za m'kamwa ndi zofala ndipo zimachizika msanga. Koma zikaoneka kwa munthu wamkulu, kapena zikamabwererabwerera, limakhala chenjezo lakuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Zifukwa zodziŵika ndi kachilombo ka HIV, matenda a shuga, mankhwala a khansa, ndi mankhwala ena opopera a mphumu ngati munthu sachukucha m'kamwa akatha kupopera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaika Candida wa kummero m'gulu la zizindikiro zakuti matenda a HIV afika patali. Ku Malaŵi mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, choncho munthu wotere akufunika kuyezetsa magazi, osati kugula ufa wotsuka matumbo.

Palinso vuto lina lenileni la yisiti wochuluka m'matumbo aang'ono. Dokotala Satish Rao wa ku America ndi anzake anatenga madzi a m'matumbo aang'ono mwa odwala amene anavutika nthaŵi yaitali ndi kutupa mimba popanda chifukwa chodziŵika, ndipo anapeza yisiti wochuluka mwa munthu mmodzi pa anayi alionse. Ambiri mwa iwo anali ndi matumbo oyenda mwaulesi kapena ankamwa mankhwala ochepetsa asidi wa m'chifu. Komabe vutoli limadziŵika pokhapokha dokotala ataloŵetsa kachubu kudzera pakamwa mpaka m'matumbo, ndipo limachizidwa ndi mankhwala a kuchipatala monga fluconazole. Wogulitsa m'sitolo sangalidziŵe pongoyang'ana nkhope ya munthu.

Ngozi yaikulu ili pamene zinthu ziŵirizi zakumana. Psyllium imatupa kwambiri ikakhudza madzi. Ikamwedwa ndi madzi ochepa imatha kutsamira pakhosi kapena kutseka matumbo, ndipo n'chifukwa chake malamulo a ku America amakakamiza opanga kulemba pabotolo kuti muyeso uliwonse umwedwe ndi tambula yodzadza, ya mamililita pafupifupi 240. Munthu amene akuvutika kumeza, monga wodwala Candida wa kummero, sayenera kumwa ufa umenewu konse. Ndiye kuti wodwala weniweni wa yisiti ndi yemweyo amene ufa wogulitsidwa m'dzina la yisiti ungamuvulaze koposa.

Kwa amene akufuna kuonjezera faiba, malangizo ndi aŵa. WHO imati munthu wamkulu adye magalamu a faiba osachepera 25 patsiku kuchokera m'chakudya, pamodzi ndi magalamu 400 a masamba ndi zipatso. Banja lodya mgaiwa, nyemba kapena nandolo, masamba, ndi zipatso za nyengo monga mango, magwafa ndi mapapaya, silivutika kukwanitsa muyeso umenewu. Wozoloŵera ufa woyera ayambe ndi kusakaniza ndi mgaiwa pang'ono, n'kumaonjezera sabata ndi sabata. Nyemba ziviikidwe usiku wonse, madzi ake atayidwe, ndipo ziphikidwe mpaka zipse bwino. Amene dokotala wamuuza kuti amwe psyllium ayambe ndi theka la sipuni ya tiyi, amwe madzi ambiri, ndipo asiyanitse ndi mankhwala ena ndi maola aŵiri, pakuti faiba imatha kuchedwetsa mankhwala kuloŵa m'magazi. Mpweya wa masiku oyamba kaŵirikaŵiri umachepa pakapita masabata angapo. Ukapitirira, muyeso uchepetsedwe kapena mtundu usinthidwe, osati kupirira poganiza kuti yisiti akufa.

Pomaliza, pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira. Mimba ikatupa kwambiri ngati ng'oma, munthu n'kusiya kutulutsa mpweya ndi chimbudzi, mwinanso n'kumasanza, kungakhale kupotana kwa matumbo aakulu. Matenda ameneŵa madokotala a opaleshoni pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe amakumana nawo kaŵirikaŵiri, makamaka mwa abambo, ndipo amapha ngati wodwala achedwa. Wotereyu asapatsidwe faiba kapena mankhwala otsegula m'mimba, koma atengeredwe kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi m'chimbudzi, chimbudzi chakuda ngati phula, kuonda popanda chifukwa, kuvutika kumeza, ndi kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kwa masabata angapo mwa munthu wachikulire, zonsezi zimafuna dokotala. Kutupa mimba kumathanso kuchokera ku njoka za m'mimba kapena tizilombo ta m'madzi osatetezedwa, ndipo kuyeza chimbudzi kuchipatala kumaulula zimenezi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Amene mimba yamutupa atamwa ufa wa faiba adziŵe kuti mwina wamwa wambiri, wafulumira, kapena madzi anachepa. Amene waona zoyera m'kamwa kapena akumva kuŵaŵa pomeza apite akayezetse magazi. Ndipo amene ali ndi chimanga m'nkhokwe ndi nyemba m'thumba akumbukire kuti faiba imene ena akuigula ndi ndalama zambiri, iye angaipeze pongouza wa pachigayo kuti agaye chosakonola.