ZA KUDYERA PAMODZI
Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Sinodi mu Mzinda wa Pretoria



Mwandipempha kuti ndilankhule za kukhalirana kwa mitundu m'dziko lino limene lidamva zoŵaŵa chifukwa cha tsankho. Nkhaniyi ndi yaikulu, ndipo ine ndingogwirapo mbali imodzi yokha, ndiyo ya kudya: kodi munthu amalola kudya ndi yani?

Ambiri amayesa kuti tsankho lidayamba mu 1948 pamene chipani cha National Party chidatenga boma. Koma ife a mpingo tiyenera kudziŵa kuti mbeu yake idafesedwa kale, pa gome la Ambuye. Mu 1829 Sinodi ya Mpingo wa Dutch Reformed ku Cape idagamula kuti Mgonero uperekedwe kwa onse pamodzi, osayang'ana khungu. Koma azungu ena adapitirira kung'ung'udza, osafuna kumwera chikho chimodzi ndi anthu akuda. Tsono mu 1857 Sinodi yomweyo, ngakhale idavomera kuti Malembo afuna kuti onse apembedze pamodzi, idalola kuti pofuna kusunga ofooka aja, akuda azisonkhana m'nyumba zaozao. Taonani abale, iwo sadanene kuti kupatukana nkwabwino. Adangoti nkololera ofooka. Koma chimene chidaloledwa mwa chifundo chabodza chidasanduka mwambo, ndipo pofika 1881 udabadwa ku Wellington mpingo wapadera wa anthu osakhala azungu.

Zaka 8 zokha zitapitapo, mu 1889, mpingo womwewo udatifikitsira Uthenga Wabwino pa Mvera, mwa Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok. Buku Lopatulika limene tiŵerenga lidatuluka ndi thukuta la Dr. W.H. Murray ndi anzake. Sitingakane mphatso zimenezi, ndiponso sitingabise kuti mai amene adatiyamwitsa ndi yemweyo amene adagaŵa ana ake pa chakudya. Zonse ziŵirizi nzoona, ndipo mkhristu wokhwima ayenera kuzisenza pamodzi.

Mzinda uno udalaŵa chipatso cha mbeu ija. Ku Lady Selborne anthu akuda adali ndi malo aoao ogula ndi ndalama zao, koma pansi pa lamulo la Group Areas la 1950 adasamutsidwa, napirikitsidwira ku Mamelodi, Atteridgeville ndi Ga-Rankuwa. Amalaŵi anzathu amene ankagwira ntchito m'makhichini ndi m'minda ya maluŵa ankaphika chakudya chimene sakadatha kudya pa tebulo la bwana. Nzoona kuti mu 1971 Dr. Kamuzu Banda adadya pamodzi ndi akuluakulu a boma la azungu pa ulendo wake wa kuno, koma phwando la mafumu silidasinthe mbale ya wantchito.

Ndifuna tikhalitse pa munthu mmodzi, Mbusa Nico Smith. Iyeyu adali Mbunu weniweni, membala wa bungwe lachinsinsi la Broederbond, ndiponso mphunzitsi wa zaumulungu ku Stellenbosch. Adasiya ulemu wonsewo, nalandira maitanidwe a mpingo wa anthu akuda ku Mamelodi mu 1982. Pa 21 November 1985 apolisi adaombera khamu la anthu kumeneko, ndipo anthu 13 adafa. Chaka chotsatira iye ndi mai a kunyumba kwake, Dr. Ellen Smith, adasamuka nakakhala m'Mamelodi momwemo, pakati pa nkhosa zao. Ndipo ntchito imene adayambitsa, yotchedwa Koinonia, idali yooneka yopepuka: mabanja oŵerengeka, akuda ndi azungu, ankaitanizana chakudya mosinthana, lero kwa uyu, ulendo wina kwa uje. Ena adaseka, nati dziko likuyaka moto inu muli pa mphika. Koma ine ndiona kuti mbusayo adazindikira pamene padathyokera fupa. Mzungu amene adaloŵa m'nyumba ya zipinda zinai, nasamba m'manja, nalandira mbale kwa mai amene kale ankamuona ngati wochapa zovala chabe, sadathe kubwerera kwao ali monga adaliri. Ndipo tisaiŵale kuti wakudayo naye adalipira mtengo, pakuti anansi ake ankamkayikira kuti kapena wagulidwa.

Mu 1986 momwemo Sinodi yaikulu ya Dutch Reformed idatsekula zitseko zake kwa mitundu yonse, ndipo ena okwiya adatuluka nayamba mpingo wao wa azungu okhaokha mu 1987. Prof. Johan Heyns, amene adatsogolera Sinodi ija, adaomberedwa m'nyumba mwake muno m'Pretoria pa 5 November 1994.

Tsono kunena za machimo a azungu nkosavuta kwa ife lero. Koma pa 24 February 2017 anthu adaguba m'miseu ya mzinda uno kutsutsa alendo ochokera m'maiko ena a Afrika, ndipo okonza ulendowo adali a ku Mamelodi komwe kuja. Mu 2008 anthu 62 adaphedwa m'dziko lino pa ziwawa zotere, ndipo Amalaŵi ambiri adabwerera kwao pa mabasi ali chimanjamanja. Khungu ndi limodzi, koma mpanda ulipobe.

Pa ichi mipingo yathu ya Chicheŵa iyenera kudzifunsa. Tisonkhana tokha, tiyimba tokha, tidya nsima tokha, ndipo titi nchifukwa cha chilankhulo ndi mantha. Zifukwazo nzomveka, monganso zidamvekera za mu 1857 kwa amene adazipereka. Paulo adadzudzula Petro pamaso ku Antiokeya, osati pa chiphunzitso cholakwa, koma chifukwa adaleka kudya ndi amitundu poopa anzake.

Chifukwa chake ndipempha Sinodi ino kuti ilangize mabwalo a akulu a mpingo uliwonse kupeza mpingo woyandikana nao, wa Asotho, Atswana, Azulu kapena azungu, ndi kupangana nao Mgonero wa pamodzi kaŵiri pa chaka, ndiponso kusankha mabanja amene ayambe kuyenderana ndi kudyera pamodzi m'makomo. Alembi abwere ndi lipoti la ntchitoyi pa msonkhano wathu wotsatira.