Nyumba ya nyimbo ya ku Hamburg: mtengo unakwera kakhumi, analipira ndani?

 Lero sitikamba za kapindidwe ka pepala lovotera. Tikamba za ndalama za anthu, zimene timapereka m'manja mwa amene tawasankha. Nkhani yake ndi ya kutali, ku Ulaya, ndipo ndaisankha dala kuti pasakhale wina woganiza kuti ndikunena cipani cake.

Hamburg ndi mzinda waukulu wa doko m'dziko la Germany, limene ambiri kuno timalichula kuti Alemanha. Uli pa mtsinje wa Elbe. Padokopo panali nyumba yakale ya njerwa yosungiramo koko, tiyi ndi fodya. Akuluakulu a mzinda anaganiza zomanga pamwamba pa nyumbayo holo yaikulu ya nyimbo, dzina lake Elbphilharmonie, kuti mzinda wawo uchuke. Maganizowo sanali oipa. Mzinda umafunika malo oimbira ndi kuvinira, monga mudzi umafunika bwalo.

Tsopano mvetserani manambala. Mu 2005 anthu anauzidwa kuti m'thumba la mzinda mudzacoka mayuro 77 miliyoni, zotsalazo zidzacokera kwa amalonda ndi kwa opereka mwaufulu. Mu 2007, pamene aphungu a mzinda amavomereza nchitoyo, gawo la mzinda linali litafika kale pa 114 miliyoni. Anavomereza onse, a cipani colamula ndi otsutsa omwe. Nchito inayamba mu Epulo caka comweco, ndipo analonjeza kuti zitseko zidzatsegulidwa mu 2010. Pofika kumapeto kwa 2008 gawo la mzinda linali 323 miliyoni. Mu 2013 meya Olaf Scholz, yemwe pambuyo pake anadzatsogolera boma la dziko lonse la Germany, analengeza mtengo womaliza: 789 miliyoni. Nyimbo yoyamba inamveka m'holomo pa 11 Januwale 2017.

Mamiliyoni amazunguza mutu, ndiye tiyerekeze motere. Mwapangana ndi mmisiri kuti akumangireni nyumba pa matumba 10 a cimanga, ithe mvula isanagwe. Mvula yagwa kasanu ndi kawiri, ndipo matumba amene mwapereka ndi 100. Kusiya simungathe, cifukwa khoma lafika kale pamutu ndipo matumba oyamba aja anapita.

Kodi cinalakwika n'ciyani? Aphungu a mzinda anakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2014. Cacikulu cimene anapeza n'cakuti mzinda unathamangira kusaina kontrato ndi kampani yomanga, ya Hochtief, mapulani a nyumbayo asanathe kujambulidwa. Apa ndipamene pagona nkhani yonse, abale. Kampani ikapereka mtengo pa pulani yosatha, ciliconse cimene cidzasinthidwe kapena kuwonjezedwa pambuyo pake cimakhala ndi mtengo wake wapadera. Ndipo mwini nchito alibenso mphamvu yokana, cifukwa kuthamangitsa mmisiri nyumba ili pakati kumadya ndalama zambiri kuposa kumulipira. Mtengo wotsika wa tsiku loyamba uja umangothandiza kuti nchito ivomerezedwe.

Panalinso vuto lina. Ojambula mapulani, a Herzog & de Meuron a ku Switzerland, anali ndi pangano lawo ndi mzinda, omanga analinso ndi lawo. Cinthu cikalakwika, womanga amaloza wojambula, wojambula amaloza womanga, mzinda uli pakati n'kumalipira. Kumapeto kwa 2011 a Hochtief anaimitsa nchito yambiri pa mkangano wa kulimba kwa denga, ndipo panapita nthawi yoposa caka zinthu zisakuyenda. Zinayambanso mu 2013 atalemba pangano latsopano: kampani imodzi isenze udindo wonse, mtengo ukhale umodzi wosasintha, tsiku lomaliza lidziwike. Kucokera pamenepo tsiku silinasunthenso, nyumba inaperekedwa mu Okutobala 2016. Lipoti lija linadzudzulanso atsogoleri a ndale, kuphatikizapo Ole von Beust amene anali meya pamene nchito imayamba, kuti sanailondole mokwanira.

Ndinene cilungamo: nyumbayo ndi yokongola. Ndi yaitali mamita 110, holo yake yaikulu imalowa anthu 2,100, ndipo alendo mamiliyoni apita kale kukaiona. Ku Hamburg alipo ambiri amene amanyadira nayo, ndipo ena amati mkangano wa ndalama uiwalike. Ine pamenepo sindivomereza. Anthu anauzidwa za 77, aphungu awo anavomereza 114, palibe amene anafunsidwa za 789 nchito isanayambe. Mwina akanauzidwa zoona akanavomerabe, mwina akanati ndalamazo zipite kaye ku masukulu ndi ku nyumba zogona. Mwayi wosankha umenewo ndi umene anawalanda.

Koma anthu a ku Hamburg sanangodandaula. Mabungwe a nzika anasonkhanitsa masaini oposa 15,000 ofuna kuti mapangano a mzinda asamabisidwe. Mu 2012 aphungu anavomereza lamulo lokakamiza boma la mzinda kuika poyera mapangano ake akuluakulu, malipoti ndi zikalata zina, popanda kudikira kuti wina apemphe. Kuyambira 2014 zikalata zotere zimaikidwa pa intaneti kuti aliyense awerenge.

Mwina wina akuti, ife za holo ya nyimbo zikutikhudza bwanji, pamene tikusowa mjigo ndi mlatho? Ngati mzinda wolemera, wa maloya ndi mainjiniya ambiri, unagwa m'mbuna imeneyi, ndiye kuti msika, bwalo la mpira kapena nyumba ya cikhalidwe ya m'tauni yaing'ono ingagwemonso. Ndipo kuno ndalama ikapitirira pa nchito imodzi, imacotsedwa pa nchito ina imene munali kuidikira.

Zida zofunsira tili nazo. Inu amene mumavota m'munisipiyu, monga ku Ulongwe, Metangula, Mandimba kapena Milange, dziwani kuti pulani ya nchito ndi bajeti, imene pa Cipwitikizi amati orçamento, zimavomerezedwa ndi Assembleia Municipal. Mamembala ake munawasankha ndinu, komaliza pa 11 Okutobala 2023, ndipo misonkhano yawo ndi yapoyera. Inu a m'midzi ya kunja kwa munisipiyu muli ndi Conselho Consultivo ya m'dera lanu, mmene mumakhalanso mafumu, ndiponso mumasankha Assembleia Provincial. Dziko lathu lili ndi lamulo la ufulu wodziwa zinthu, nambala 34/2014, lopatsa nzika mphamvu yopempha zikalata za boma zokhudza anthu onse. Palinso Tribunal Administrativo, bwalo limene limaunika kagwiritsidwe nchito ka ndalama za boma.

Tsono wopempha voti akaima pano n'kunena kuti ndidzakumangirani nyumba ya magule, musamuwombere m'manja msanga, komanso musamunyoze. Mufunseni mwaulemu kuti idzadya ndalama zingati, ndipo nambala imeneyo yacokera pa pulani yomalizidwa kapena yangoganiziridwa. Mufunseni kumene ndalamazo zidzacokere: ku misonkho ya pamsika, ku boma la ku Maputo, kwa othandiza akunja, kapena ndi ngongole. Ikakhala ngongole, adzabweza ndani, kwa zaka zingati? Funso limene ambiri amaiwala ndi la mawa lake: nyumba ikatha, malipiro a mlonda, magetsi ndi kukonza denga zidzacokera m'thumba liti? Ndipo funso limene a ku Hamburg analifunsa mocedwa: mtengo ukakwera, adzalipira ndani, kampani kapena ife?

Nchito ikayamba, pamalopo pamaikidwa cikwangwani colembedwa dzina la kampani, mtengo ndi nthawi yomalizira. Wodziwa kuwerenga akopere zimenezo m'kope, alembenso tsiku, kopelo lisungidwe kwa amfumu kapena kwa mlembi wa bungwe lanu. Tsiku lolonjezedwa likadutsa nchito isanathe, kapena mukaona cikwangwani casinthidwa, pitani ndi kopelo ku msonkhano wa Assembleia kapena wa Conselho Consultivo, mupemphe kuti yankho lilembedwe.

Tsopano ndilandira mafunso, ndipo ndiyamba ndi azimayi amene mwakhala kumbuyoko.